Dziwe lopanda mafunde ku Chinhoyi

Ndabwerako ku Kariba komwe amalume anandiitana kuti tikakonze mainjini a maboti ophera matemba. Koma lero za mainjini ayi, ndikuuzeni za phanga.

Msewu wochokera ku Harare kupita ku Kariba umadutsa m'tawuni ya Chinhoyi. Mukangoipitirira pang'ono ndiye pali mapangawo. Pamwamba palibe chodabwitsa, tchire basi. Mumatsika masitepe kulowa m'mwala, kunja dzuwa likuswa mtengo koma mkatimo muli zii. Kenako kutsogolo kumawala, chifukwa denga la phangalo linagwa kalekale. Pansi pa chibowo chimenecho ndi pomwe pali dziwe.

Abale, madzi aja ndi a buluu kuposa nyanja yathu pa Chembe tsiku la bata. Funde ngakhale limodzi mulibe. Ife tinakula tikuwerenga madzi. Bambo anga akangoyang'ana nyanja m'mawa amadziwa kuti mwera ukubwera, bwato lisachoke. Koma madzi ajawa sakuuza kanthu. Kutentha kwake ndi madigiri 22 chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chimodzimodzi. Miyala ya m'madzimo imaoneka ngati ungaigwire ndi dzanja, chonsecho akatswiri omira ndi mabotolo a mpweya anatsikamo kupitirira mamita 100. Ine amene ndimadumphira m'nyanja usiku kukamasula ukonde pa propela, pamenepo ndinagwiritsitsa chitsulo cha m'mbali.

Ashona amalitcha Chirorodziva, kutanthauza dziwe la anthu ogwa. Mwamva? Iwo amati dziva, ife dziwe. Akumeneko amasimba kuti cha m'ma 1830 Angoni podutsa anaponyamo anthu a m'deralo. Ndi nthawi yomweyo imene Zwangendaba anawoloka Zambezi, mu 1835. Ndiye mbiri ya phangali yatikhudza ndithu.

Nanga anakumba ndani? Madzi. Mwala wake ndi wa laimu. Mvula imakhala ndi kaasidi kochepa, imalowa m'ming'alu n'kumadya mwalawo pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Amakaniko anzanga mukudziwa: madzi akalowera pa silo yotha, giya bokosi silifa lero, limafa mwakachetechete.

Ndiye inu amene mumati jekete loyandamitsa ndi la alendo chifukwa munabadwira pagombe, madzi sadziwa kuti ndiwe mwana wa msodzi. Amene anaboola mwala sangalephere iwe.

Mukadzadutsa njira imeneyi, dzatsikeni mukaone. Tumizani kwa anzathu a ku Msaka ndi ku Makanjira.