Mpini wa Khasu ndi Chishalo cha Mthuthuthu

Makolo athu posema mpini wa khasu ankayamba ayang'ana msinkhu wa mwini wake. Mpini wa mwana unkakhala waufupi ndi wopepuka, wa bambo wamtali unkakhala wotalikirapo, ndipo munthu wolima ndi khasu lobwereka ankadziŵika madzulo poŵeruka, akuyenda dzanja lili m'chiuno. Nzeru imeneyi tidakali nayo kumunda, koma tikafika pa njinga yamoto, imene ena a ife tidakula tikuitcha mthuthuthu, timaiiŵala. Timailandira monga idachokera kusitolo, ndipo thupi lathu ndilo timalipinda kuti ligwirizane ndi chitsulo.

Kuno ku Mlangeni, pa mseu wa M1 pakati pa boma la Ntcheu ndi Lizulu, nkhaniyi si yachilendo. Munthu akangopatuka pa phula kuloŵera kumidzi ya m'mapiri amakumana ndi miyala, maenje ndi mabampu. Ife ansembe a dayosizi ya Dedza, olondola mapazi a anzathu a chipani cha Montfort amene adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, timakhala pa chishalo maola angapo pa sabata poyendera akhristu. Koma abale athu a kabaza amakhalapo kuyambira mbandakucha kufikira chisisira, atanyamula anthu, matumba a kachewere ndi a kabichi opita kumsika wa Lizulu. Ambiri ndi anyamata a msinkhu wathu kapena ocheperapo, komabe tikamacheza nawo kwa makaniko podikira kumatitsa tayala, onse amadandaula msana. Bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 619 miliyoni pa dziko lonse ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Kwa mnyamata wa kabaza, msana ukatha ndiye kuti njala yaloŵa m'nyumba, pakuti ngakhale khasu sangathenso kuligwira.

Tiyeni tsono tione m'mene msana udapangidwira. Uli ndi mafupa 24 otha kugwedezeka, ndipo asanu a m'munsi, apo pamwamba pa chiuno, ndiwo amasenza katundu wochuluka. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofeŵa kamene tingakafanizire ndi nkhata imene mayi amaika pamutu asanasenze mtsuko. Mtsuko ukakhazikika pakati, nkhata imagwira ntchito yake mosavuta. Ukapendekeka, nkhata imaphwanyikira mbali imodzi ndipo khosi ndilo limalipira. Munthu woima bwino msana wake wa m'munsi umapindikira mkati pang'ono. Akakhala choŵerama pofuna kufikira mahandulo akutali, kupindika kuja kumatha, tinkhata tija timapanikizikira kutsogolo, ndipo bampu lililonse limafika ngati nyundo pa malo opanikizika kale. Akatswiri adapeza kuti thupi la munthu wokhala pansi limavutika koposa ndi kugwedezeka kobwerezabwereza kanayi kufikira kasanu ndi katatu pa sekondi imodzi, ndipo mseu wa mabampu umapereka kugwedezeka kwa mtundu umenewu mooloŵa manja.

Motero mankhwala oyamba a msana ali m'thumba la masipanala. Khalani pa chishalo pamalo pamene mumakhala masiku onse, muongoke, mutsinzine, ndi kutambasula manja momasuka zigongono zitapindika pang'ono. Pamene manja afika ndi pamene mahandulo ayenera kukhala. Pa njinga zambiri mahandulo amagwidwa ndi mabawuti anayi. Mukaamasula pang'ono mutha kutembenuzira mahandulowo kwa inu, nkumanganso zolimba, ndi kuonetsetsa kuti pokhota sakugunda thanki ndiponso nthambo sizikukokeka. Zogwirira za kilatchi ndi buleki nazo zitsitsidwe kapena kukwezedwa mpaka dzanja ndi mkono zikhale pa mzera umodzi, chifukwa dzanja lothyoka limakweza pheŵa, ndipo pheŵa lokwera limaumitsa msana wonse.

Chachiŵiri ndi mashoko akumbuyo. Ambiri ali ndi kamphete ka mano, kaŵirikaŵiri asanu, kolimbitsira kapena kufeŵetsera sipuling'i, koma pali njinga zimene zimafika pokalamba kampheteko kasanakhudzidwepo. Mwini wake akakwera, njinga iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wonse wa shoko. Ikatsika koposa apo, shoko imagunda pansi pa dzenje lililonse ndipo chotsalacho amalandira ndi mafupa a wokwera. Tsiku lonyamula matumba mano akwezedwe, tsiku loyenda wekha atsitsidwe, ndipo mbali zonse ziŵiri zikhale pa dzino lofanana. Shoko yochucha mafuta yatha ntchito ngakhale ioneke yonyezimira kunja, pajatu chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Matayala opopedwa mpaka kuuma ngati mwala, ati kuti petulo asathe msanga, amaba pa msana zimene apulumutsa m'thanki.

Chishalo chokumbika pakati chimagwetsera chiuno kumbuyo ndi kukunga msana ngati uta. Wosoka mipando atha kuchidzazanso ndi siponji yolimba pa mtengo wochepa kuyerekeza ndi wa shoko. Katundu amangidwe pa kaliyala kotero kuti asamkankhire woyendetsa pa thanki, ndipo chikwama chichoke kumsana, ngakhale chija chaching'ono cha m'thumba la kumbuyo, chimene chimapendeketsa chiuno ulendo wonse. Poyandikira dzenje, pondani zolimba pa zopondera ndi kunyamuka pang'ono, maondo atapana thanki, pakuti miyendo ndiyo mashoko amene tidabadwa nawo. Pakatha ola limodzi, imani, tsikani ndi kuyenda pang'ono. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha m'mapiri muno chimaumitsa minofu, valani zothithikana musananyamuke.

Pali mau amene tiyenera kulankhula kwa eni njinga, pakuti anyamata ambiri a kabaza amalima ndi khasu lobwereka. Njinga ndi ya wina, ndalama ya bwana iyenera kukwana tsiku ndi tsiku, ndipo kupempha shoko yatsopano kumaoneka ngati chipongwe. Mnyamata amangomeza panado kapena bufeni nkukweranso, osadziŵa kuti bufeni womwedwa masiku ambiri amaononga m'mimba ndi impso. Mwini njinga amene amaŵerengera mafuta ndi matayala koma osaŵerengera msana wa mwana wa mnzake, phindu lake likuchokera m'mafupa a munthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nafenso okwera, tikamaumirira kuunjikana atatu pa chishalo cha anthu aŵiri kuti tilipire zochepa, tidziŵe kuti chotsalacho alipira ndi woyendetsa.

Komabe si ululu wonse umene sipanala ingauchize. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo limodzi ndi dzanzi, ngati phazi likufooka, ngati mkodzo ukuvuta kugwira kapena kutuluka, kapena msana ukuŵaŵa usiku pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuonda, siyani njinga ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa ena tonsefe, ntchito yonse tafotokozayi singathe ndi theka la tsiku lomwe. Loŵeruka likudzali, tisanapite kwina kulikonse, tiyeni tiyambe tayimika njinga pansi pa mtengo, tiitane makaniko, ndipo tiyeze chitsulo pa msinkhu wa munthu amene amachikwera.