Tsiku limene ndinapeza 31 pa 100

Pamene ndinkabwerera ku yunivesite kukachita digiri ya Physics ndi masamu, n'kuti nditaphunzitsa zaka 14 ndi dipuloma yanga. Mumtima ndinkati chaka choyamba n'kungobwereza basi. Mayeso oyamba a calculus ndinapeza 31 pa 100. Ine amene ndinkakalipira ana a Fomu 4 akapeza 40!

Ndinathamangira kulaibulale kukabwereka zimabuku zikuluzikulu, osadziwa kuti vuto silinali kumeneko. Anandiululira ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3, yemwe panthawiyo anali chaka chachitatu. Atayang'ana pepala langa anati, "Aphunzitsi, calculus mwakhoza, koma mwagwa pa ma fraction." Kunja kunandidera. Koma ankanena zoona: derivative ndinkaimva, chimene chinkandigwetsa chinali algebra, ndiponso kuiwala kuti ku calculus timagwiritsa ntchito ma radian, osati ma degree.

Ndinakatenga buku la masamu la Fomu 3, n'kulikutira ndi nyuzipepala kuti anyamata akuhositelo asalione. M'mawa uliwonse 4 koloko, masamu 20, ndisanapite kukalasi. Zinanditengera miyezi iwiri.

Madzulo ena ndikuchita integration ya acceleration yosasintha, mwadzidzidzi papepala panatuluka v = u + at. Nditabwerezanso, panatuluka s = ut + ½at². Zomwezija ndinkakulowezetsani pamtima ngati ndime za Sande sukulu, ana anga, ine mwini osadziwa kumene zinachokera. Ndinakhala pabedi n'kumaseka ndekha mpaka mnzanga wa m'chipindamo anafunsa ngati ndili bwinobwino.