Kadenga ka pa W

Malemu bambo anga anali kalaliki ku Zomba, ndipo kunyumba anali ndi taipilaita yakale yogula pa selo. Akamaliza kutaipa kalata ankatenga cholembera n'kuyamba kuika kadenga pa w aliyense wofunika kadenga: Malaŵi, nthaŵi, kudziŵa. Ndikawafunsa ankangoti, "Makinawa sanapangire ife, mwanawe."

Mawu amenewa anandibwerera mwezi wathawu nditawerenga kuti kunja kuno kudali makompyuta opangidwira chilankhulo chimodzi chokha. Ndinasiya nkhani zonse zolipira, n'kutha masabata atatu ndikuwerenga pa foni malipoti akale a mainjiniya. Bandulo inkatha ngati mchere m'madzi. Mayi a kunyumba anafika pofunsa kuti, "Kodi abambo, makina akufa kalewo atigulira ufa?" Sindinayankhe. Ndinkafuna kudziwa ngati chilankhulo chimafunika nyumba yakeyake kuti chisafe.

Chilankhulocho ndi Lisp, chimene John McCarthy anayambitsa mu 1958 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Zilankhulo zina za kompyuta za nthawiyo, monga Fortran, ntchito yake yaikulu inali kuwerengera manambala. Lisp ankagwira mayina, mawu ndi mindandanda. Njerwa yake ndi kabokosi ka zipinda ziwiri: chipinda china chimasunga chinthu, chinacho chimaloza kabokosi kotsatira. Mukalumikiza timabokosi totere mwapanga chiganizo, ngakhale pulogalamu yathunthu.

Vuto linali lakuti kompyuta wamba sidziwa chimene yanyamula. Kwa iyo nambala, dzina ndi keyala ya malo ena m'chikumbumtima chake zonse ndi ma 0 ndi ma 1 basi. Choncho pulogalamu ya Lisp inkayenera kumaima kawirikawiri n'kufunsa kuti, ichi n'chiyani? Liwiro linkathera pomwepo. M'ma 1970 Richard Greenblatt ndi Tom Knight, a pa MIT pomwepo, anamanga makina otchedwa CONS, kenako CADR, oti azimva Lisp kuchokera m'mafupa, munthu mmodzi makina ake.

Chimene chinandigwira mtima ndi kamangidwe ka Symbolics 3600, makina amene anatuluka mu 1983. Kachigawo kalikonse ka chikumbumtima chake kanali ndi ma bit 36. Kakasunga nambala, ma bit 32 ankanyamula nambalayo, ndipo 4 otsalawo anali chizindikiro: awiri onena mtundu wa chinthucho, awiri onena kumene mndandanda ukupitirira. Zili ngati ku chigayo, kumene amayi amamanga kansanza pa thumba lawo kuti lisasokonekere ndi la mnzawo. Makinawo ankayang'ana kansanzako nthawi yomweyo akuphatikiza manambala, osaima. Ukafuna kuphatikiza dzina ndi nambala, ankakugwira dzanja pomwepo. Ankathandizanso kusesa timabokosi totha ntchito kuti malo apezeke. Chipu chawo cha pambuyo pake, Ivory, chinafika pa ma bit 40.

Apa ndinaona bambo anga ndi cholembera chawo. Kadenga kamene iwo ankaika ndi dzanja, anthu awa anakaumbira m'chitsulo momwe.

Nanga zinatha bwanji? Pa MIT panatuluka makampani awiri opikisana, Lisp Machines Inc. ya Greenblatt ndi Symbolics. Symbolics inatchuka moti pa 15 Malichi 1985 inakhala yoyamba kulembetsa dzina la pa intaneti lothera ndi .com. Koma makinawa anali odula zedi, ndipo makompyuta wamba, monga a Sun, anayamba kuthamanga kwambiri pa mtengo wotsika, mpaka kumayendetsa Lisp bwinobwino popanda chitsulo chapadera. Lisp Machines Inc. inagwa mu 1987. Symbolics inakagwada ku khoti ndi ngongole mu 1993.

Nditafika pamenepa ndinakhumudwa, kunena zoona. Ndinkafuna umboni woti ndizinena kuti mutipangire makina athu, Chichewa chipulumuke. Umboniwo sindinaupeze. Nyumba inagwa, chilankhulo osafa. Common Lisp anakhazikitsidwa malamulo ake mu 1994, Clojure anabadwa mu 2007, ndipo kusesa kuja lero kumachitika mu Java ndi Python. Lisp anasamukira m'nyumba za lendi, ndipo ntchito yoyang'ana kansanza ija inabwerera kwa mapulogalamu. Chinamusunga ndi anthu amene sanatope kumulemba.

Tsono dandaulo langa lakhala pa ine ndemwe. Pa foni yangayi ŵ alipo. Umangodina w n'kugwirira pang'ono. Bambo analibe batani, koma sankadumpha ngakhale mmodzi. Ine batani ndili nalo, koma onani m'nkhani munomu: kupatula mawu awo aja, ndalemba "nthawi" ndi "kudziwa" opanda kadenga, poti ndazolowera kuti owerenga amva ndithu.

Mayi a kunyumba awerenga nkhaniyi usiku wathawu, nati ikalipidwa tiyambe ndi ufa, bandulo pambuyo. Ndavomera.