Mankhwala a Mtima si a Masiku Atatu

Ife a ku Amaramba tidazolowera mankhwala a malungo. Timamwa masiku 3, thupi n'kuzizira, n'kubwerera kumunda. Mankhwala a mtima sali conco. Ambiri mwa iwo ndi omwa tsiku lililonse, kwa moyo wonse.

Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda yobisala. Munthu amalima, amapalasa bwato panyanja, osamva kanthu. Komabe mtima wake uli kutopa. Kafukufuku wa mu 2005 adapeza kuti muno m'Mozambique munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali nayo nthendayi.

Kucipatala anamwino amatimanga lamba pamkono n'kuyeza. Manambala akamafika 140 pa 90 kapena kupitirira, pamasiku osiyana, amatipatsa mapiritsi. Hidroclorotiazida amacotsa madzi ndi mcere kudzera mu mkodzo. Amlodipina amamasula mitsempha kuti magazi aziyenda bwino. Furosemida ndi wa anthu otupa miyendo ndi obanika cifukwa mtima wafooka.

Nanga magazi athu amawatengeranji? Mapiritsi ocotsa madzi amacotsanso mcere wina wofunika, dzina lake potaziyamu. Ukacepa m'thupi, mtima sugunda bwino. Poyeza magazi amaona ngati ulipo wokwanira. Amaonanso ngati impso zili bwino, ndi ngati tilibe shuga wambiri. Akatero amadziwa kuonjeza mankhwala kapena kucepetsa.

Nthawi zina amatitumiza ku Insaca kapena ku Cuamba. Ulendo ndi wautali, ndipo nthawi ya dzinja mseu umavuta. Apa ndi pamene abale athu ena amaleka. Amati, "Ndacira, mutu sukupwetekanso." Koma mapiritsi akatha, magazi amayambanso kuthamanga. Mapeto ake munthu amagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Khasu lake limagona, ndipo banja lonse limavutika.

Tsono tiyeni ticite izi. Timwe mapiritsi tsiku lililonse, ngakhale tikumva bwino. Tisagawireko mnzathu, cifukwa matupi amasiyana. Ticepetse mcere m'ndiwo. Amayi oyembekezera auze anamwino asanamwe.

Pakhadi lathu amalembapo tsiku lobwerera. Tiliwerenge tokha tsikulo, tisunge ndalama ya ulendo nthawi ikadalipo, ndipo tinyamuke mapiritsi asanathe.