Funso laciŵili ndilo nchito yathu

Ife amene timadzipeleka pa wailesi ya m'dela timalandila acinyamata ophunzila utolankhani caka ciliconse. Ena amacokela ku Evelyn Hone, ena ku UNZA, ena ku ZAMCOM. Ambili amabwela ndi mau abwino komanso foni yabwino. Cimene cimasoŵa kaŵilikaŵili ni kukonzekela, ndipo cimaonekela msanga pamene munthu wofunsidwa wayankha funso loyamba.

Funso loyamba aliyense angalifunse. “A khansala, citukuko cikuyenda bwanji mu wadi yanu?” Yankho tonse timalidziŵa kale: cikuyenda bwino. Ngati sitinaŵelenge ciliconse, timangovomela ndi mutu n'kupita ku funso lina. Pamenepo maikolofoni yathu yasanduka cimkuza-mau ca munthu wandale, ndipo amai amene akumvetsela ali pa tebulo lao la tomato mu komboni sanapindulepo kanthu.

Tiyeni titenge nkhani ya CDF. Mu 2021 konstityuwensi iliyonse inali kulandila K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazo zinakwela kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 zinafika pa K30.6 miliyoni. Ndalamazi zimagaŵidwa pa zinthu zitatu: zomangamanga za m'dela, mabasale a ana a sukulu ndi ophunzila maluso, ndiponso thandizo ndi nkhongole za magulu a acinyamata ndi azimai. Maganizo a zomanga amayambila kwa anthu kupyolela mu Ward Development Committee. Wodziŵa izi amakhala ndi funso laciŵili m'thumba: “Ni nchito ziti zimene komiti ya wadi inatumiza caka cino, ndipo zavomelezedwa zingati? Nanga mgelo wa madzi uja pafupi ndi msika unalipo pa mndandanda?” Apa a khansala sangathaŵile ku mau okoma. Ayenela kuchula nambala, kapena kuvomela kuti alibe.

Kukonzekela kumatanthauzanso kudziŵa amene tikufunsa. Nchito ya khansala ni yosiyana ndi ya phungu, ndipo ya phungu ni yosiyana ndi ya akulu a nchito ku khonsolo. Tikafunsa munthu za cinthu cimene sicili m'manja mwake, timam'patsa njila yothaŵila. Dzina lake ndi udindo wake tizilembe bwino tikalibe kuloŵa mu situdiyo.

Palinso nkhani ya cinenelo. Mapepala a boma amabwela m'Cizungu, koma omvela athu amamva Cinyanja. Mau ngati bajeti kapena tenda tiyenela kuwaganizila pasadakhale mmene tidzawamasulile, kuti agogo a ku Chawama amve cimodzimodzi ndi mwana wa ku koleji. Kumasulila tili kale pa mphepo kumabala cisokonezo.

Tisaiŵale zazing'ono. Malaiti akayenda, foni yopanda moto siijambula. Tiichaje usiku, tione ngati muli malo osungila mau, tiyese kujambula masekondi ocepa n'kumvetsela. Ngati tikufunsa wogulitsa pa Soweto Market, tifune kakona kopanda phokoso la mabasi, ndipo timuuze poyamba kuti mau ake adzamveka pa wailesi. Iye sanazoloŵele maikolofoni monga wandale, ndipo mau amodzi osasamalidwa angamuyambanitse ndi anzake pa msika.

Ena amaopa kuti mafunso olemba amaumitsa makambilano. Ife taona zosiyana. Amene wakonzekela ndiye amamvetsela bwino, cifukwa mtima wake suli pa kusakila funso lotsatila. Akamva cinthu cacilendo amaika pepala pambali n'kucilondola.

Kuyambila mu December 2023 dziko lathu lili ndi lamulo la Access to Information. Lamulo limatipatsa ufulu wopempha, koma siliuza munthu cofunika kupempha. Cimeneco timacipeza tokha madzulo, tili ndi kope ndi bolopeni, tsiku la mafunso likalibe kufika.