Funso la chimera lomwe ndinalephera dala

Mwezi watha anzanga anandikokera ku lesitilanti ina mu Blantyre komwe kunali mpikisano wa mafunso a mowa. Eni malowo amagulitsa chomwe amachitcha craft beer, mowa wofulula pang'ono pang'ono, osati wa m'mafakitale akuluakulu. Pa menyu analembanso kuti mowa uwu umayenda ndi nkhuku, uwu ndi nyama yowotcha. Mtengo wa tambula imodzi unali wokwanira ndiwo za masiku angapo ku hositelo.

Mafunso oyamba tinawakhoza bwinobwino. Kodi fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inamangidwa kuti? Konkuno ku Blantyre, mu 1968. Inagulidwa ndi yani mu 2016? Kampani ya ku France ya Castel. Nanga mawu oti kachasu anachokera kuti? Ku Chipwitikizi, cachaça. Tebulo lathu linali patsogolo.

Kenaka wofunsa anati: "Chimera n'chiyani, ndipo chimagwira ntchito yanji mu mowa?" Mnzanga wina anayankha mokweza kuti zimenezo akafunse amayi a masese kumudzi, ndipo anthu anafa nazo nseko. Inenso ndinaseka nawo. Yankho ndimalidziwa kuposa aliyense m'chipindamo, koma ndinatseka pakamwa. Ndinaopa kuti andifunsa kuti ndazidziwira kuti.

Ndazidziwira kwa azakhali anga ku Tengani, m'boma la Nsanje, pamsewu wa pakati pa Bangula ndi ku boma. Iwo ndi amene anandilera, ndipo fizi yanga kuyambira Folomu 1 yatuluka m'mbiya zawo za masese. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kwathu kumatentha moti mu Okutobala kupitirira madigiri 40 si nkhani. Chimanga chimakanika kawirikawiri, n'chifukwa chake anthu sanasiye kulima mapira ndi mchewere. Azakhali amaviika mapira m'madzi, n'kuwavundikira mpaka atamera timizu, kenaka amawayanika padzuwa ndi kuwasinja. Chimera ndi chimenecho. Akaphika phala amadikira lipoleko, osati kuzizira kwenikweni, ndiye n'kuthiramo chimera. Phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mukamwa pamenepo mwamwa thobwa. Mukalisiya masiku angapo liwire lokha, lasanduka masese.

Ku yunivesite ndinadzamva kuti mbewu ikamamera imatulutsa ma enzyme omwe amaphwanya sitachi kukhala shuga, ndipo yisiti amadya shugayo n'kutulutsa ukali wa mowa. Ndinamvanso kuti kuwawasa kwa masese kumabwera ndi tizilombo tofanana ndi tomwe timasasitsa chambiko. Zomwe a ku Ulaya amachita ndi balere ndi zomwezi. Azakhali alibe choyezera kutentha, amangoviika chala. Phala likatentha kwambiri amati lipha chimera, ndipo sanama: ma enzyme aja amafadi ndi moto.

Za kuti mowa uti umayenda ndi chakudya chiti, kwathu sazilemba pa menyu koma amazidziwa. Masese owawasa amafuna mlamba wowamba wa mu Shire, chifukwa kuwawasako kumadula mafuta a nsombayo ndipo pakamwa pamapepuka. Nyama ya mbuzi yowotcha yothira mchere ndi tsabola imayendanso nawo. Thobwa lotsekemera amalipereka ndi mbatata yowotcha ya kudimba, anthu akaweruka kumunda, ndipo ana amamwa nawo. Uchema wa ku migwalangwa umakoma m'mawa ukangotsitsidwa. Pofika madzulo wasasa, ndipo amene amaudziwa sauphatikiza ndi zotsekemera. Mlendo akafika, azakhali sam'patsa chipanda asanadye kanthu. Amati, "Mowa sugona pa mimba ya njala, mwanawe." Ndipo asanam'patse amayamba alawa okha pamaso pake, kuti aone kuti mulibe choipa.

Mowa umenewu si wa chisangalalo chokha. Ndi womwe anthu amafulula pamaliro ndi pachikumbutso, ndipo akuluakulu amathira nsembe ndi mowa wa mbewu zakwathu, monga zimachitikira ku Khulubvi kwa Mbona m'boma lathu lomweli. Chibuku chomwe timachikhutchumula mu paketi ndi masese omwewo atavala yunifomu.

Ndisanamizire kuti zonse n'zokoma. Kwathu kulinso kachasu, wina wa masau, wina wa gaga ndi shuga, ndipo ukali wake palibe amauyeza. Ndikudziwa anyamata omwe ndinaphunzira nawo pulayimale amene lero nkhope zinatupa, manja akunjenjemera m'mawa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma botolo lotchipa silinasowe pa msika. Azakhali anakana kutcheza kachasu ngakhale kuti ndalama yake ndi yachangu. Masese amawonongeka pakangopita masiku ochepa, makamaka kotentha ngati kwathu, pomwe kachasu amasungika miyezi. Ndi chifukwa chake amayi ambiri akusiya mbiya n'kugwira mpope. Madzi osefukira a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anakokolola minda ndi mbewu zosunga, ndipo mapira akasowa ofulula amathamangira shuga wa m'sitolo.

Apa ndi pomwe ife ophunzira tikulakwa. Timaika masese ndi kachasu m'thumba limodzi n'kulemba kuti "zakumudzi", kwinaku tikulipira ndalama zambiri kuti mzungu atifotokozere za balere womera. Tili ndi anzathu omwe akuphunzira za zakudya ku LUANAR, ena za uinjiniya ku MUBAS. Ndani mwa ife anakhalapo pansi ndi wofulula kumufunsa kuti amadziwa bwanji kuti phala lapola mokwanira? Ndani akuganiza zoti masese a mapira azisungika sabata osasasa, kapena zoti akhale pa menyu pambali pa mlamba? Sindikunena kuti aliyense azimwa. Ine ndemwe ndimakonda thobwa. Koma luso limeneli lili m'mitu ya amayi okalamba, ndipo ana awo tikuchita nalo manyazi.

Mawa lake ndinawaimbira azakhali n'kuwauza zonse, ngakhale zoti ndinaseka nawo. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa kuti mphoto inali chiyani. Nditati mbale ya nyama, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwaluza nyama chifukwa cha manyazi? Bwerani pa holide mudzasinje chimera."

Ndipita mu Disembala, ndipo ndatenga kale kope latsopano. Mnzanga uja woyankha mokweza ndinamuuza komwe fizi yanga imachokera. Wapempha kuti ndidzam'tengereko thobwa.