Mkono wa madola 450 miliyoni

Kwatsala masekondi 13 kuti masewera athe, Buffalo Bills ikutsogola 36-33, ndipo ochemerera Kansas City Chiefs agwira kale m'mutu. Zinachitika mu Januwale 2022, koma ine ndazionera posachedwa pa YouTube, nditangoyamba kumene kulawa mpira wa ku America. Patrick Mahomes analandira mpira, nabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuponyera Tyreek Hill. Ulendo wachiwiri anapeza Travis Kelce pampata umene otchinga anasiya pakati. Harrison Butker anamenya mpira n'kudutsa pakati pa mitengo, 36-36, ndipo m'nthawi yowonjezera Chiefs inapambana 42-36. Kuchokera tsiku limenelo masewerawa andilowa m'magazi.

Chondikola kwambiri ndi ntchito ya quarterback, imene Mahomes amagwira mu Chiefs. Timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo pafupifupi nthawi zonse mpira umayambira m'manja mwa iyeyu. M'chisoti chake muli kawailesi kamene mphunzitsi amamuuzirapo chochita, koma kamazima mpira usanayambe. Zikatero watsala yekha. Amayang'ana mmene adani aimira, nthawi zina n'kusintha zonse pompo, kenako n'kuponya mkati mwa masekondi atatu, zimphona zolemera makilogalamu oposa 120 zikumuthamangira. Ali ngati dalaivala wa basi yodzaza pamsewu woterera: akaphonya iye, onse apita kuphedi.

Nditamva za malipiro ake ndinachita kakasi. Mu Julaye 2020 Mahomes anasaina mgwirizano wa zaka 10 wa madola 450 miliyoni. Vuto si kukula kwa ndalamazo kokha. Bungwe la NFL limaika malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pachaka, ndipo mu 2024 malirewo anali madola 255.4 miliyoni. Osewera m'timu amakhala 53. Munthu mmodzi akatapa zambiri, ena ayenera kulandira zochepa kapena kulongedza. N'chifukwa chake ochemerera ku America sasiya kukangana: timusunge, kapena tigawe ndalamazo kwa anyamata asanu?

Chiefs inakumana nalo funsoli maso ndi maso. Mu Malichi 2022 inalola Hill, mnyamata waliwiro uja, kupita ku Miami Dolphins kumene anakalandira zimene Kansas City sinafune kupereka. Ambiri ankati mkono wa Mahomes watha ntchito popeza wolandira wake wapita. Koma mphunzitsi Andy Reid anadzaza timu ndi achinyamata otsika mtengo, ndipo Mahomes anasintha kasewero, n'kumaponya pafupipafupi kwa aliyense amene wapeza mpata.

Super Bowl (masewera omaliza olimbirana chikho cha NFL) ya mu Febuluwale 2023 ndi imene inandimaliza. Mahomes analowa atavulala kale pakakolo, ndipo pakati pa masewera Philadelphia Eagles inamupwetekanso pomwepo, natuluka akutsimphina. Chakumapeto, zigoli zili 35-35, sanaone womuponyera. Anakumbatira mpira n'kuthamanga yekha mayadi 26, mwendo ukuoneka kuti ukukana. Chiefs inapambana 38-35. Chaka chotsatira ku Las Vegas inagonjetsanso San Francisco 49ers 25-22. Tikawerengera cha mu 2020, zikho zinakwana zitatu, pa timu imene inakhala zaka 50 osachigwira chikhochi.

Komabe si aliyense wolipidwa zambiri amene amabweza ndalama. Denver Broncos inatenga quarterback Russell Wilson mu 2022 n'kumulonjeza madola oposa 240 miliyoni. Patatha zaka ziwiri zosabala kanthu inamuchotsa, koma madola 85 miliyoni anatsalabe akuwerengedwa pa malire ake, ngakhale mwiniwake anali atapita kukasewera kwina. Ngakhale Mahomes amene ali ndi pomwe amathera: mu Febuluwale 2025 Eagles inamugwetsa kasanu ndi kamodzi asanaponye, n'kupambana 40-22. Omuteteza akamadontha, luso lake silikwana.

Ndiye muyeso ndauona chonchi. Quarterback wodula asungidwe ngati amatha kupambana ndi anzake otchipa, pakuti malipiro ake omwewo ndi amene adzathamangitse odula aja. Amene amawala pokhapokha akazunguliridwa ndi akatswiri, ndi bwino kumutsanzika msanga ngongole isanakule. Mahomes anayesedwa pa muyeso umenewu Hill atachoka, ndipo anabweretsa zikho ziwiri motsatizana. Ndikanakhala mwini wa Chiefs ndikanamusunga osaganiza kawiri, ndipo ndalama zotsalazo ndikanayamba n'kugulira anyamata asanu omuimirira kutsogolo.